Greatest Hits (chimbale cha Queen)

Greatest Hits ndi chimbale cha gulu loimba nyimbo za rock la ku Britain lotchedwa Queen. Chinatuluka pa 26 Okutobala 1981, ku Britain kudzera ku kampani ya EMI ndipo ku America kudzera ku kampani ya Elektra. Munalibe nyimbo zojambulidwa mwapadera chifukwa cha chimbalechi. Chinangosonkhanitsa pamodzi nyimbo za gululi zomwe zinatchuka kwambiri kuyambira mu 1974.

Ku Britain palibe chimbale china chomwe chinagulidwapo kwambiri kuposa ichi. Mu Julaye 2022, bungwe la Official Charts Company, lomwe limawerengera malonda a nyimbo m'dzikolo, linalengeza kuti Greatest Hits yafika pa makope 7 miliyoni, ndipo chinali chimbale choyamba kufika pamenepo. Padziko lonse, chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi makope oposa 25 miliyoni. Ngakhale zili choncho, chimbalechi chinakhala pa nambala 1 ku Britain kwa masabata anayi okha. Kuchuluka kwa malonda ake kwabwera chifukwa chakuti anthu akhala akuchigula ndi kuchimvera chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 40.

Gulu la Queen

Gulu la Queen linayamba mumzinda wa London mu 1970. Munali Freddie Mercury, yemwe ankatsogolera kuimba komanso ankaliza piyano, Brian May wa gitala, ndi Roger Taylor wa ng'oma. John Deacon, woliza gitala ya besi, analowa m'gululi mu 1971. Mercury anabadwira ku Zanzibar mu 1946, dzina lake lobadwa nalo linali Farrokh Bulsara, ndipo banja lawo linasamukira ku England mu 1964.

Chimbale choyamba cha gululi chinatuluka mu 1973. Pofika mu 1981 linali litatulutsa zimbale zisanu ndi zitatu zojambulidwa mu situdiyo, kuphatikizapo A Night at the Opera cha mu 1975 ndi The Game cha mu 1980, komanso chimbale cha nyimbo za mu filimu ya Flash Gordon. Greatest Hits inatuluka pomwe anthu anayiwa amakwanitsa zaka 10 akuimbira limodzi. Inatulukira pamodzi ndi tepi ya makanema a nyimbo zawo yotchedwa Greatest Flix komanso buku la zithunzi lotchedwa Greatest Pix. Chithunzi cha pachikuto anajambula ndi Lord Snowdon.

Nyimbo za m'chimbale

Chimbale chomwe chinatuluka ku Britain chili ndi nyimbo 17. M'munsimu muli dzina la nyimbo iliyonse, yemwe anaipeka, chaka chomwe inatuluka payokha, ndi malo apamwamba omwe inafikapo pa mndandanda wa nyimbo wa ku Britain pa nthawiyo.

1. Bohemian Rhapsody, Mercury, 1975, nambala 1
2. Another One Bites the Dust, Deacon, 1980, nambala 7
3. Killer Queen, Mercury, 1974, nambala 2
4. Fat Bottomed Girls, May, 1978, nambala 11
5. Bicycle Race, Mercury, 1978, nambala 11
6. You're My Best Friend, Deacon, 1976, nambala 7
7. Don't Stop Me Now, Mercury, 1979, nambala 9
8. Save Me, May, 1980, nambala 11
9. Crazy Little Thing Called Love, Mercury, 1979, nambala 2
10. Somebody to Love, Mercury, 1976, nambala 2
11. Now I'm Here, May, 1975, nambala 11
12. Good Old-Fashioned Lover Boy, Mercury, 1977, nambala 17
13. Play the Game, Mercury, 1980, nambala 14
14. Flash, May, 1980, nambala 10
15. Seven Seas of Rhye, Mercury, 1974, nambala 10
16. We Will Rock You, May, 1977
17. We Are the Champions, Mercury, 1977, nambala 2

Fat Bottomed Girls ndi Bicycle Race zinatuluka pa mbale imodzi, n'chifukwa chake zili ndi nambala yofanana. We Will Rock You inali kuseri kwa mbale ya We Are the Champions. Mwa nyimbo 17 zimenezi, 10 anapeka ndi Mercury, 5 ndi May ndipo 2 ndi Deacon. Taylor analibe nyimbo m'chimbalechi, poti nyimbo zake zotchuka, monga Radio Ga Ga ya mu 1984, zinabwera pambuyo pake.

Nyimbo imodzi yokha mwa izi ndi yomwe inafika pa nambala 1 ku Britain. Imeneyi ndi Bohemian Rhapsody, yomwe inakhalapo masabata 9 kumapeto kwa 1975 ndi kumayambiriro kwa 1976. Ku America zinthu zinali zosiyana. Kumeneko Bohemian Rhapsody inalekezera pa nambala 9, pomwe Crazy Little Thing Called Love ndi Another One Bites the Dust zonse ziwiri zinafika pa nambala 1 mu 1980.

Kusiyana kwa chimbale m'mayiko

Greatest Hits sinali yofanana padziko lonse. Makampani ankasankha nyimbo potengera zomwe zinatchuka m'dziko lililonse. Chimbale cha ku America cha mu 1981 chinali ndi nyimbo 14, ndipo chinayamba ndi Another One Bites the Dust. Munalinso Keep Yourself Alive ya mu 1973 ndi Under Pressure, yomwe Queen inaimba ndi David Bowie. Under Pressure inali nyimbo yatsopano pa nthawiyo ndipo m'chimbale cha ku Britain munalibe, ngakhale inafika pa nambala 1 m'dzikolo mu Novembala 1981. Chimbale cha ku Japan chinali ndi Teo Torriatte, nyimbo yomwe mbali ina inaimbidwa m'Chijapani. M'mayiko ena a ku South America anaikamo Love of My Life yojambulidwa pa konsati, chifukwa kumeneko anthu ankaikonda kwambiri.

Kusiyana kumeneku n'kofunika powerenga ziwerengero za malonda. Dzina lakuti Greatest Hits ya Queen limaimira zimbale zingapo zomwe nyimbo zake sizofanana ndendende, makamaka ku America, komwe chimbalechi chinatulutsidwanso mu 1992 ndi mu 2004 chitasinthidwa.

Momwe malonda amawerengedwera

Mndandanda wa zimbale umasonyeza zimbale zomwe zachita bwino pa msika m'sabata imodzi, osati kuyambira pomwe zinatuluka. Ku Britain mndandandawu unayamba mu 1956, ndipo lero umatuluka Lachisanu lililonse ndi zimbale 100. Ku America mndandanda waukulu ndi Billboard 200, womwe umasindikizidwa ndi magazini ya Billboard. Choncho chimbale chikhoza kukhala pa nambala 1 kwa nthawi yaitali kenako n'kuiwalika, pomwe china chikhoza kukhala pakatikati pa mndandanda kwa zaka zambiri n'kudzaposa choyamba chija pa chiwerengero chonse cha makope.

Chomwe chimatchedwa kope limodzi chasinthanso kwambiri. Mu 1981 anthu ankagula mbale za galamafoni ndi makaseti. Kenako kunabwera ma CD, ndipo m'zaka za m'ma 2000 anthu anayamba kugula nyimbo popanga dawunilodi. Billboard inayamba kuwerengera nyimbo zomvera pa intaneti mu Disembala 2014, ndipo mndandanda wa zimbale wa ku Britain unatsatira mu Malichi 2015.

Ku Britain, mu 2015, ankatenga nyimbo 12 za m'chimbale zomwe zamvedwa kwambiri pa intaneti. Ziwiri zapamwamba ankazitsitsa kuti zifanane ndi avereji ya zinzake, n'cholinga choti nyimbo imodzi yotchuka isakweze chimbale chonse. Akaphatikiza zonse, maulendo 1,000 omvera ankawatenga ngati kope limodzi. Njira imeneyi imakomera chimbale chomwe nyimbo zake zambiri n'zotchuka, monga chimbale chosonkhanitsa. Ku America, poyamba maulendo 1,500 ankaimira kope limodzi. Mu 2018 Billboard inasiyanitsa omvera olipira ndi omvera mwaulere: maulendo 1,250 a olipira kapena 3,750 a osalipira ndiwo ankapanga kope limodzi.

Kotero makope 7 miliyoni a ku Britain si mbale 7 miliyoni zogwirika ndi manja. Gawo lalikulu ndi mbale, makaseti ndi ma CD omwe anagulidwa chaka cha 2015 chisanafike, pakuti chimbalechi chinali chitadutsa kale makope 6 miliyoni malamulowa asanasinthe. Mu miliyoni yomalizayo ndi momwe kumvera pa intaneti kunathandiza kwambiri.

Ku Britain

Chimbalechi chinalowa pa mndandanda pa nambala 2, sabata yotsatira n'kukwera pa nambala 1, pomwe chinakhala masabata anayi kumapeto kwa 1981. Chinatuluka kutatsala miyezi iwiri kuti Khirisimasi ifike, nyengo yomwe zimbale zimagulidwa kwambiri monga mphatso. Chitatsika pamwamba sichinachoke pa msika, ndipo zochitika zingapo zinkachikwezanso.

Choyamba chinali konsati ya Live Aid pa 13 Julaye 1985 pa bwalo la Wembley, yomwe inakonzedwa pofuna kuthandiza anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia. Queen inaimba kwa mphindi pafupifupi 20 ndipo anthu ambiri padziko anaionera pa wailesi ya kanema. Zimbale zakale za gululi zinayambanso kugulidwa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kaseti ya nyimbo zotchuka za Queen inali yofala kwambiri m'magalimoto a ku Britain, moti Terry Pratchett ndi Neil Gaiman anachita nayo nthabwala m'buku lawo la Good Omens la mu 1990.

Chachiwiri chinali imfa ya Freddie Mercury pa 24 Novembala 1991, chifukwa cha matenda obwera ndi Edzi. Bohemian Rhapsody inatulutsidwanso ndipo inakhala pa nambala 1 masabata ena asanu. Chimbale cha Greatest Hits II, chomwe chinali chitatuluka mwezi umodzi Mercury asanamwalire, chinali pamwamba pa mndandanda, ndipo choyamba chija chinakweranso nacho.

Mu 2002 sewero loimba la We Will Rock You, lomangidwa pa nyimbo za Queen, linatsegulidwa ku Dominion Theatre mumzinda wa London, ndipo linaonetsedwa kumeneko mpaka mu 2014. Mu 2006 bungwe la Official Charts Company linatulutsa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri m'mbiri ya dzikolo, ndipo Greatest Hits inali pamwamba ndi makope oposa 5.4 miliyoni. Mu 2011 chimbalechi chinatulutsidwanso ndi kampani ya Island, mawu ake atakonzedwa mwatsopano. Mu Febuluwale 2014 chinakhala choyamba kudutsa makope 6 miliyoni.

Filimu ya Bohemian Rhapsody, yofotokoza moyo wa Mercury, inatuluka mu Okutobala 2018. Inapeza ndalama zoposa madola 900 miliyoni padziko lonse ndipo inapata mphoto zinayi za Oscar, imodzi mwa izo ya Rami Malek, yemwe anasewera ngati Mercury. Filimuyi inadziwitsa nyimbo za Queen kwa achinyamata omwe anabadwa Mercury atamwalira kale, ndipo ambiri mwa iwo amazimvera pa foni kudzera pa Spotify, YouTube ndi zina zotero.

Mu Julaye 2021, pokumbukira zaka 40 za chimbalechi, anatulutsa ma CD ndi makaseti apadera. Greatest Hits inakwera mpaka pa nambala 2, ndipo chomwe chinaitsekereza kufika pamwamba chinali chimbale cha Sour cha Olivia Rodrigo, woimba wobadwa mu 2003. Mu 2022 chinakwanitsa masabata 1,000 pa mndandanda wa zimbale 100, zomwe ndi zaka zoposa 19 mukaphatikiza. Chinali chimbale chachitatu kufika pamenepo, pambuyo pa Gold cha ABBA ndi Legend cha Bob Marley and the Wailers, koma choyamba cha oimba a ku Britain. M'chaka chomwecho ndi momwe chinafika pa makope 7 miliyoni. Poyerekeza ndi chiwerengero cha mabanja a m'dzikolo, izi zikufanana ndi kope limodzi pa nyumba zinayi zilizonse.

Ku America

Ku America chimbalechi chinayenda mosiyana. Mu 1981 chinalekezera pa nambala 14 pa Billboard 200, ngakhale chaka chapitacho The Game inali itafika pa nambala 1. Kuchokera pamenepo kutchuka kwa Queen m'dzikolo kunayamba kutsika. Chimbale cha Hot Space cha mu 1982 sichinalandiridwe bwino, ndipo ulendo wa makonsati wa chaka chimenecho unali womaliza womwe gululi linachita ku America lili ndi Mercury.

Mu 1990 kampani ya Hollywood Records, yomwe ndi ya Disney, inatenga udindo wogulitsa nyimbo za Queen ku America ndi ku Canada. Mu 1992 filimu yanthabwala ya Wayne's World inagwiritsa ntchito Bohemian Rhapsody, ndipo nyimboyi inabwerera pa mndandanda n'kufika pa nambala 2, kuposa momwe inachitira mu 1976. Hollywood Records inatulutsa chimbale chosonkhanitsa chotchedwa Classic Queen, chomwe chinafika pa nambala 4. Kenako mu Seputembala chaka chomwecho inatulutsa Greatest Hits yatsopano ya chikuto chofiira. Mu chimbale chimenechi munalibe Bohemian Rhapsody, popeza inali kale mu Classic Queen, koma anaikamo Body Language ndi I Want to Break Free. Chinafika pa nambala 11. Mu 2004 kampaniyi inatulutsanso chimbalechi motsatira ndondomeko ya nyimbo ya ku Britain, n'kuonjezera zina kumapeto.

Lamulo lina la Billboard linachititsa kuti malonda a chimbalechi asaoneke pa mndandanda waukulu kwa nthawi yaitali. Kuyambira mu 1991 mpaka kumapeto kwa 2009, zimbale zakale zomwe zatsika pa mndandanda sizinkaloledwa kubwerera pa Billboard 200, ndipo zinali ndi mndandanda wake wake. Lamuloli litachotsedwa, Greatest Hits inayamba kuonekanso, ndipo tsopano yakhala pa Billboard 200 masabata oposa 500.

Mu Novembala 2020 chimbalechi chinalowa m'gulu la zimbale khumi zapamwamba kwa nthawi yoyamba, pa nambala 8, patatha zaka 39 chitulukireni. Chomwe chinachikweza sabata imeneyo chinali kutsitsidwa kwa mitengo ya mbale za galamafoni m'masitolo a Walmart. Mbale zoterezi zinali zitatsala pang'ono kutha pa msika ma CD atabwera, koma kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 2000 zinayambanso kugulidwa.

Ziphaso za malonda

Kupatula mndandanda wa sabata ndi sabata, mabungwe a makampani a nyimbo amapereka ziphaso chimbale chikadutsa chiwerengero china cha makope. Mlingo wake umasiyana malinga ndi kukula kwa msika wa dziko. Ku Britain bungwe la BPI limapereka chiphaso cha siliva pa makope 60,000, cha golide pa 100,000 ndi cha platinamu pa 300,000. Greatest Hits yadutsa mlingo wa platinamu maulendo oposa 20. Ku America bungwe la RIAA limapereka golide pa makope 500,000 ndi platinamu pa 1 miliyoni, ndipo chimbalechi chinafika pa platinamu maulendo 9, kutanthauza makope 9 miliyoni.

Chiwerengero cha ku America n'chachikulu kuposa cha ku Britain, koma anthu a ku America ndi ochuluka pafupifupi kasanu kuposa a ku Britain. Ndi chifukwa chake makope 7 miliyoni amaika chimbalechi pamwamba pa zonse ku Britain, pomwe makope 9 miliyoni amachisiya kumbuyo kwa zimbale zambiri ku America. Chimbalechi chilinso ndi ziphaso za platinamu zambirimbiri ku Australia ndi ku New Zealand.

Palibe bungwe limodzi lomwe limawerengera malonda a zimbale padziko lonse. Chiwerengero cha makope 25 miliyoni ndi chongoyerekeza, chochokera ku makampani a nyimbo ndi atolankhani. Sichiphatikiza makaseti ndi ma CD okopera mozemba, omwe m'mayiko ambiri ndiwo ankafika kwa omvera.

Kuyerekeza ndi zimbale zina

Pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri m'mbiri ya Britain, pambuyo pa Greatest Hits pamabwera Gold cha ABBA cha mu 1992, chomwe chadutsa makope 6 miliyoni. Zina zomwe zili pafupi ndi Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band cha The Beatles cha mu 1967, 21 cha Adele cha mu 2011, ndi (What's the Story) Morning Glory? cha Oasis cha mu 1995. Ziwiri zapamwambazo zonse ndi zimbale zosonkhanitsa. Ku America nakonso chimodzi mwa zimbale ziwiri zomwe zili pamwamba n'chosonkhanitsa: Their Greatest Hits (1971–1975) cha gulu la Eagles, chomwe mu 2018 chinapatsidwa chiphaso cha makope 38 miliyoni, n'kudutsa Thriller cha Michael Jackson.

Zimbale zotere zimakhalitsa pa msika pa zifukwa zodziwika. Munthu amene akufuna kudziwa gulu loimba amagula chimbale chimodzi chokhala ndi nyimbo zonse zomwe anazimvapo pa wailesi, m'malo mogula zimbale zisanu ndi zinayi. Ambiri anagula chimbale chomwecho kangapo, poyamba pa mbale ya galamafoni, kenako pa kaseti, kenako pa CD. Kwa kampani, chimbale chosonkhanitsa sichifuna ndalama zojambulira nyimbo zatsopano, choncho chikhoza kugulitsidwa motsika mtengo kwa zaka zambiri. Kwa Queen palinso chifukwa china: We Will Rock You ndi We Are the Champions zimaimbidwa m'mabwalo a masewera m'mayiko ambiri, ndipo nyimbo zina monga Don't Stop Me Now zimamveka kawirikawiri m'mafilimu ndi m'mauthenga otsatsa malonda. Mwana amazidziwa nyimbozi asanadziwe n'komwe dzina la gulu lomwe linaziimba.

Zimbale zotsatira

Greatest Hits II inatuluka pa 28 Okutobala 1991 ndipo inasonkhanitsa nyimbo za kuyambira 1981 mpaka 1991, monga Under Pressure, Radio Ga Ga ndi The Show Must Go On. Nayonso ili m'gulu la zimbale zogulidwa kwambiri m'mbiri ya Britain. Greatest Hits III inatuluka mu 1999, ndipo munali nyimbo zomwe Mercury ndi May anaimba paokha komanso zomwe gululi linaimba ndi oimba ena. Mu 2000 zimbale zitatuzi zinaikidwa mu bokosi limodzi lotchedwa The Platinum Collection, lomwe malonda ake amawerengedwa padera ndipo saphatikizidwa ku makope a Greatest Hits yoyamba.